Kukagona m'matenti ndi banja ku Cape Maclear: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo amafunsa kawirikawiri akamalingalira zopita ndi ana awo kukagona m'matenti m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ku Cape Maclear. Oyambirira ndi okhudza malo ndi ulendo, ndipo otsatirawo akulongosola za maboti, kuwedza nsomba ndi matenda, zimene zimafuna kuzimvetsa bwino musananyamuke pakhomo.

Kodi Cape Maclear ili kuti, ndipo ndi malo otani?

Cape Maclear ili m'boma la Mangochi, kumapeto kwa dera la Nankumba, pamene mtunda unalowa m'nyanja n'kugawa madzi akumwera pawiri. Mudzi waukulu wa pamalopo ndi Chembe, ndipo wazunguliridwa ndi mapiri a miyala okutidwa ndi nkhalango. Mapiriwo, pamodzi ndi zilumba monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo, ali m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene boma linakhazikitsa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Chimene chinachititsa kuti malowa atetezedwe si njovu kapena mikango, koma tinsomba ta mbuna timene timakhala m'miyala ya m'mbali mwa nyanja. Mfundo imeneyi ndiyo gwero la malamulo ambiri amene afotokozedwa pa funso la kuwedza.

Kodi munthu angakhome tenti pena paliponse pamene pamusangalatsa?

Ayi. M'nkhalango ndi m'zilumba za m'paki, simuloledwa kugona pamalo amene sanakonzedwe kuti akhale msasa, ndipo gombe la ku Chembe si bwalo lopanda mwini, chifukwa ndi pamene anthu a m'mudzimo amakocheza mabwato, kuyanika usipa, kuchapa ndi kutunga madzi. Njira yoyenera ndi kulipira malo pa imodzi mwa nyumba zogona alendo zimene zimalola matenti pabwalo lawo. Zambiri mwa nyumbazi zimakhala ndi zimbudzi, mabafa, mlonda wa usiku ndi malo ophikira, ndipo mtengo wake umawerengedwa pa munthu aliyense pa usiku umodzi, umene umakhala wotsika kwambiri poyerekeza ndi chipinda.

Banja la ana aang'ono lisankhe malo amene ali chakumapeto kwa gombe, kutali ndi mabala, chifukwa pakati pa mudzi nyimbo zimatha kulira mpaka usiku kwambiri, makamaka Lachisanu, Loweruka ndi pa nyengo ya Khirisimasi. Imbani foni musanapite, ndipo mufunse ngati bwalo la matenti lili louma. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri n'kumiza mchenga ndi mabwalo a malo ambiri ogona alendo, choncho zithunzi zakale za pa intaneti sizingakuuzeni mmene gombe lilili lero.

Kodi kumeneko timafikako bwanji?

Ochokera ku Blantyre amadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, kenako n'kulowera msewu wa ku Monkey Bay. Ochokera ku Lilongwe angadzere ku Dedza n'kutsika phiri la ku Golomoti, kapena kuzungulira ku Salima. Mutatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay pali mphambano imene mumakhotera kumanzere, ndipo kuchokera pamenepo mpaka ku Chembe ndi makilomita pafupifupi 18 a msewu wokhotakhota wodutsa m'mapiri. Opanda galimoto yawo amakwera minibasi mpaka ku Monkey Bay n'kupitiriza ulendo pa matola kapena njinga yamoto, koma ndi ana ndiponso katundu wa matenti, ndi bwino kupangana ndi galimoto imodzi kuti ikufikitseni. Yesetsani kufika dzuwa lisanapendeke, popeza kukhoma tenti mumdima, ana ali ndi njala, kumasokoneza usiku wonse woyamba.

Kodi nyengo yabwino yopita ndi ana ndi iti?

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumakhala kouma, masana kumafunda bwino, usiku kumazizira pang'ono, ndipo udzudzu umachepa. Tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwera cha mu Ogasiti, kotero mabanja ambiri amasankha nthawi imeneyi. Vuto lake ndi mphepo ya mwera, imene yalongosoledwa pa funso la mphepo.

Sepitembala ndi Okutobala nyanja imakhala bata kawirikawiri ndipo madzi amayera mbee, koma kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumakhala koopsa kwa mwana wakhanda amene wagonekedwa m'tenti masana. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi dzinja. Nkhalango imabiriwira ndipo imakongola kuposa nthawi ina iliyonse, koma kumakhala mvula ya mabingu, chinyontho ndi udzudzu wambiri. Banja limene likupita koyamba lingachite bwino kuyamba ndi mwezi wa Juni kapena Sepitembala.

Kodi tinyamule chiyani?

Tenti ikhale yokhala ndi zenera la neti lotsekeka bwino ndi chophimba cha mvula, ndipo muyambe mwaikhoma pakhomo panu kuti muone ngati ndodo ndi zikhomo zake zili zokwanira. Zikhomo zazifupi zimene zimabwera ndi tenti sizigwira mumchenga. Mphepo ikangowomba zimazuka. Tengani zazitali, kapena mangirirani zingwe ku matumba odzaza mchenga n'kuwakwirira. Pansi muyale mkeka kapena pepala lolimba la pulasitiki, pamwamba pake matiresi opyapyala ndi mabulangete, chifukwa m'bandakucha wa mu Juni ndi Julaye mphepo ya kunyanja imalowa m'mafupa.

Pa zophikira, mapoto awiri, mthiko, chipande, mpeni, ndowa yovundikira ndi chigubu cha madzi akumwa ndi zokwanira. Ufa, mpunga, mafuta, mchere, shuga ndi matimati zimapezeka m'mudzi, ngakhale mtengo wake umakwererako. Musaiwale tochi kwa munthu aliyense, zipewa, nsapato zotseka zoyendera m'miyala, ndi kabokosi ka mankhwala kokhala ndi panado, Thanzi ORS, mabandeji ndi mankhwala opaka othamangitsa udzudzu. Ndalama mutapiretu ku Mangochi kapena mumzinda umene mukuchokera. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito, koma si nthawi zonse pamene ma ejenti a m'mudzi amakhala ndi ndalama zokwanira.

Kodi pali ndalama yolowera m'paki?

Kukhala m'mudzi wa Chembe sikulipiritsidwa, chifukwa mudziwu, monganso Msaka, Mvunguti ndi Zambo, unalipo pakiyo isanakhazikitsidwe ndipo unasiyidwa m'manja mwa eni ake. Mumalipira mukamalowa ku Otter Point, malo a m'paki a m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi mudziwo, mukamakwera mapiri kapena mukamapita kuzilumba. Nzika za Malawi zimalipira ndalama yochepa poyerekeza ndi alendo akunja, choncho tengani chiphaso chanu cha unzika, ndipo musunge risiti tsiku lonse chifukwa alonda a nthambi yoona za nyama zakutchire angaifune muli pachilumba.

Kodi tingayatse moto ndi kutola nkhuni m'nkhalango?

Mlendo saloledwa kutola kapena kudula nkhuni m'paki. Amayi amene mungawaone akutsika phiri atasenza mitolo ndi a m'midzi ya m'katimo, ndipo amatola nkhuni zouma mwa chilolezo. Nkhalangoyi ili kale pa mpanipani waukulu chifukwa anthu achuluka ndipo kuwamba nsomba kumadya nkhuni zambiri. Ngati muli ndi kasitovu ka gasi, katengeni. Ngati mulibe, phikirani pa mbaula pamalo amene eni msasa akulozerani. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba udzu wa m'mapiri umakhala utauma gwa, ndipo khala limodzi louluzika ndi mphepo likhoza kutentha phiri lonse. Zimitsani moto ndi madzi. Kuukwirira ndi mchenga n'koopsa, chifukwa makala amakhala amoyo pansi mpaka m'mawa, ndipo mwana woyenda opanda nsapato ndiye amaponda.

Mbaula yoyaka isalowe m'tenti ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya wa makala ulibe fungo, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Kodi kuli nyama zoopsa?

Nyama imene ingakusowetseni mtendere kwambiri ndi nyani. Anyani ndi apusi a m'dera limeneli anazolowera anthu, amadziwa kuti m'jumbo mumakhala chakudya, ndipo saopa mwana wogwira nthochi kapena buledi. Chakudya chonse chikhale m'ndowa yovundikira kapena m'galimoto, ndipo ana auzidwe mwamphamvu kuti asaponyere nyani kanthu, chifukwa nyani wodyetsedwa kamodzi amabweranso n'kuyamba kulanda. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

M'miyala muli mbira, abuluzi ndi ng'azi, ndipo m'nkhalango muli mbawala, koma zonsezi zimathawa munthu. Njoka ndi zinkhanira zilipo, choncho tenti izikhala yotseka ndipo nsapato zizikutumulidwa m'mawa musanavale. Ng'ona ndi mvuu sizionekaoneka pa gombe loyera la ku Chembe, koma m'nyanja zilimo, makamaka m'mabango ndi pamathiriro a mitsinje. Musasambe m'malo otero, ndiponso musasambe usiku. Poyenda m'tchire nthawi yachilimwe, aonetseni ana chitedze kuti achidziwe ndi kuchilambalala.

Kodi ana angasambire m'nyanja?

Angathe, koma pakhale munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake pa nthawiyo ndi kuwayang'ana basi, osati kuphika, kucheza kapena kuyang'ana pa foni. Mwana akamamira sakuwa monga mmene anthu ambiri amaganizira. Amangoti zii, ndipo zimachitika m'kanthawi kochepa. Pa gombe la mchenga madzi amayamba osaya, koma pena pamakhala potsetsereka mwadzidzidzi, pamene kuzilumba miyala imathera pakuya nthawi yomweyo. Musatengeke poona ana a m'mudzi akudumphira m'madzi kuchokera pa bwato, chifukwa iwowo anabadwira pamenepo. Madzi a m'nyanjayi alibe mchere, choncho sayandamitsa thupi ngati a kunyanja yamchere, ndipo amene anazolowera kusambira ku Beira kapena ku Durban amatopa msanga kuno. Za matenda a m'madzi, onani funso la likodzo.

Kodi boti tingalipeze bwanji, ndipo tiyang'ane chiyani tisanakwere?

Pagombe pali anyamata ambiri otenga alendo kupita nawo ku Thumbi ndi ku Otter Point pa maboti a matabwa okhala ndi injini. Njira yabwino ndi kupempha eni msasa kuti akupezereni woyendetsa amene amamudziwa, wa m'gulu la operekeza alendo lovomerezeka. Gwirizanani zonse muli pamtunda: mtengo, maola, malo amene mukafike, ngati ndalama ya paki ndi chakudya zili momwemo, ndi chiwerengero cha anthu amene akwere.

Musanaponde m'boti, werengani majekete oyandamitsa. Akhale okwanira aliyense, ndipo a ana akhale a msinkhu wawo. Jekete ya munthu wamkulu ikavekedwa mwana wa zaka 5, imavuka kudzera kumutu akangogwera m'madzi. Poyesa, mangani zingwe zonse kenako mumukweze mwanayo pogwira mapewa a jeketeyo. Ikafika m'makutu, ndiye kuti ndi yaikulu. Popeza majekete a ana ndi osowa, banja limene limapita kunyanja kawirikawiri ligule akeake. Onaninso ngati m'botimo muli nkhafi, chokapira madzi ndi mafuta apadera. Woyendetsa akamanunkha mowa, kapena akafuna kuonjeza anthu ena panjira, muli ndi ufulu wokana ulendowo, ndipo kutaya ndalama ya chikole n'kwabwino kusiyana ndi kukwera mwamantha.

Bwato losema limakopa ana, koma limagudubuka mosavuta kwa munthu wosazolowera, ndipo si loyenera banja. Makayaki, amene ndi mabwato aang'ono a pulasitiki, amabwerekedwa m'malo ena ogona, ndipo ndi abwino kwa achinyamata odziwa kusambira, malinga azipalasa motsatira gombe ndipo wina pamtunda adziwe kumene alowera ndi nthawi imene abwerere.

Kodi mphepo ya panyanja ndi yoopsa motani?

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560 ndipo pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700, kotero mphepo ikapeza mpata imautsa mafunde aakulu. Mwera umawomba kuchokera kumwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, ndipo umatha kukhala masiku angapo osaleka. Chimene chimanyenga alendo n'chakuti gombe la Chembe linabisala kuseri kwa mapiri, ndiye pamtunda pamaoneka bata pamene kunja kwa Domwe kapena panjira ya ku Mumbo nyanja yalusa. Mpoto umachokera kumpoto m'nyengo ya mvula, ndipo popeza gombeli linayang'ana chakumeneko, umafika mwachindunji, nthawi zina ndi mabingu ndi ziphaliwali.

Ulendo wa paboti uzikhala wa m'mawa ndipo muzibwerera dzuwa likadalipo. Safunsa anadya phula: funsani asodzi achikulire a padoko, ndipo mukaona kuti iwo sanalowe m'madzi tsiku limenelo, inunso musalowe. Tsatiraninso machenjezo a nthambi yoona za nyengo, amene amaulutsidwa pa wailesi mwera ukamayandikira. Mukamva bingu, aliyense atuluke m'madzi.

Kodi tingawedze nsomba?

Mungawedze, koma osati paliponse. Madzi onse a m'kati mwa mamita 100 kuchokera ku gombe la paki ndi la zilumba zake ndi otetezedwa, ndipo kupha nsomba mmenemo n'koletsedwa, kaya ndi ukonde kaya ndi mbedza. Chifukwa chake n'chakuti mbuna siziyenda mtunda wautali. Zimakhala moyo wawo wonse pa miyala imodzimodziyo, sizikonda kudutsa pamchenga kapena pamadzi akuya, ndipo n'chifukwa chake chilumba chimodzi chimatha kukhala ndi mitundu imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Zimaberekanso ana ochepa, amene mayi amawasunga m'kamwa mpaka atakhwima. Mtundu wotero ukatha pamalo pake, palibe kwina kokautenga.

Kunja kwa malire amenewa, kuwedza ndi mbedza kumatheka, ndipo njira yosangalatsa ana ndi kupita ndi msodzi wa m'mudzi amene amadziwa malire ndi malo a nsomba. Chingwe, mbedza yaing'ono, kamtovu ndi nyambo ya nyongolotsi kapena usipa n'zokwanira. Ncheni imagwidwa ndi nyambo ya usipa pamadzi akuya, pamene kampango amadya kwambiri usiku, nthawi imene si yoyenera ana kukhala panyanja. Kampango ndi mlamba zili ndi minga yolimba pa zipsepse, choncho wamkulu ndiye azizichotsa pa mbedza. Amene abwera ndi ndodo zamakono n'cholinga chowedza masiku angapo afunse za chilolezo ku ofesi ya za nsomba ku Monkey Bay.

Neti yogonamo isalowe m'madzi ngakhale mongosewera. Maso ake ndi aang'ono kwambiri moti imakokolola ndi ana a nsomba omwe, ndipo lamulo limaletsa.

Nanga nsomba zodya tingagule kuti?

Padoko, m'mamawa, asodzi akamabwera. Nyali zimene mumaziona zitandandalika panyanja usiku ndi za asodzi a ukonde wa chilimira amene amakopa usipa ndi kuwala, ndipo m'mawa mwake usipawo umakhala uli mbwee pa matandala. Nsomba yatsopano imakhala ndi maso owala, makha ofiira ndi mnofu wolimba ukaudina ndi chala. Chambo chinachepa kwambiri kumwera kwa nyanja poyerekeza ndi zaka za m'ma 1980, ndipo n'chifukwa chake m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene chimaswana, makoka amaletsedwa. Musagule kasawala, amene ndi chambo chosakhwima, ngakhale atchipe bwanji, chifukwa wogula ndiye amalimbikitsa wopha. Utaka, ncheni ndi usipa wofutsa ndi ndiwo zabwino zimene ana amadya mosavuta.

Kodi n'zoona kuti kumeneko kuli likodzo?

N'zoona, ndipo si nkhani yobisa. Tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono zina za m'madzi n'kulowa pakhungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kungoponda m'madzimo. Nkhonozo zimatenga tizilomboto munthu wodwala akakodzera m'madzi, choncho chiopsezo chimakula pa gombe la m'mudzi pamene pamasonkhana anthu ambiri, ndipo chimachepa kumiyala ya kuzilumba, ngakhale sichitheratu. Kupukuta thupi mukangotuluka m'madzi sikokwanira kukutetezani.

Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kumwa mankhwalawa tsiku lobwerera kunyumba. Pa nthawi imeneyo tizilomboto timakhala tisanakhwime ndipo mankhwalawo satipha bwino. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kenako banja lonse lipite kuchipatala, muwauze madokotala kuti munasamba m'nyanja, ndipo iwo ndi amene aone zoyezetsa ndi mlingo, makamaka kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Musadikire kuona magazi mumkodzo, popeza ambiri amakhala ndi matendawa kwa nthawi yaitali osaona chizindikiro chilichonse pamene chikhodzodzo chikuwonongeka. Mukaona magazi, kapena mwana akatentha thupi ndi kutuluka zidzolo masabata angapo mutabwerako, pitani msanga.

Nanga malungo ndi madzi akumwa?

Kunyanja malungo amapezeka chaka chonse. Amishonale a Livingstonia, amene anafika pamalowa mu 1875 pamodzi ndi Dr Robert Laws, anasamukira ku Bandawe mu 1881 makamaka chifukwa cha matendawa, ndipo manda a ena mwa iwo alipobe pafupi ndi chipata cha paki. Tsekani tenti dzuwa lisanalowe, valani zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo madzulo, ndipo ngati neti ya tenti ili ndi zibowo, mangani neti yogonamo m'kati. Mabanja ochokera ku Britain kapena ku South Africa aonane ndi dokotala za mankhwala oteteza asananyamuke, chifukwa ana obadwira kunja alibe chitetezo chilichonse m'thupi, ndipo cha makolo chimatha munthu akakhalitsa kunja. Aliyense amene watentha thupi ali kumsasa kapena atabwerako ayezedwe tsiku lomwelo. Ku Chembe kuli chipatala chaching'ono cha Billy Riordan, ku Monkey Bay kuli china, ndipo chachikulu cha boma chili ku Mangochi.

Madzi a m'nyanja asamwedwe osawiritsa kapena osathira mankhwala monga WaterGuard, ngakhale aoneke oyera, popeza madera a m'mphepete mwa nyanja ndi amene amavutika kawirikawiri kolera ikabuka.

Kodi ana angachite chiyani tsiku limene nyanja yalusa?

Pitani nawo ku Otter Point, kumene kuli kanyumba kosungiramo zinthu zophunzitsa za nsomba ndi mbiri ya derali, mlambe waukulu wakalekale ndi manda a amishonale aja. Kumeneko angamve kuti dzina la Cape Maclear linaperekedwa ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo wa ku Cape Town. Chapafupi ndi msewu wa ku Monkey Bay pali Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yofanana ndi mphini, imene inapangika yokha. Ana okulirapo angakwere phiri ndi woperekeza m'mawa kusanatenthe, atanyamula madzi okwanira, ndipo pamwamba angaone nkhwazi zikuuluka m'munsi mwawo.

Kodi tizikhala bwanji ndi anthu a m'mudzi?

Ku Chembe ndi kwawo kwa anthu masauzande ambiri amene moyo wawo umadalira nyanjayi. Perekani moni, valani chitenje kapena malaya mukachoka pamchenga kulowa m'mudzi, ndipo musajambule munthu amene akusamba kapena kuchapa, ngakhalenso ana a eni ake, musanapemphe. Musaponde maukonde oyanikidwa kapena kukhala pa bwato la munthu popanda chilolezo. Kugawira ana maswiti ndi ndalama pagombe kumawazoloweza kupempha ndi kujomba kusukulu; amene akufuna kuthandiza adzere kwa aphunzitsi kapena kwa a mfumu. Zinyalala zanu, makamaka majumbo, mabotolo ndi matewera, muzisonkhanitse m'thumba n'kubwerera nazo kutauni, chifukwa zimene zatsala pamchenga mvula yoyamba imazikokolera m'nyanja.